Subilaga wa pa Sikelo ya Tiyi

Subilaga Mwakalinga anayeza masamba a tiyi zaka khumi ndi zinayi pa shedi ya paphiri, kumtunda kwa Tukuyu. Mwamuna wake anamwalira kalekale, ana ake awiri anakhazikika ku Dar es Salaam. Iye ankakwera chitunda m'mawa uliwonse atanyamula kambale ka nthochi zophika, n'kutsegula shedi alimi asanafike.

Pakona panali kompyuta yakale yolira ngati chigayo chakutali. Mayina a alimi onse ndi makilo awo ankasungidwa m'menemo. Mlimi akapachika thumba pa sikelo, kapepala kosonyeza makilo ake kankatuluka pomwepo, kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa. Kamodzi pamwezi kunkabwera bambo Ambokile, okonza makompyuta a kampani, pa njinga yamoto. Akapukuta fumbi m'makinamo ankakhala pabenchi n'kudya naye.

"Mchere mwaumiranso, mayi," ankatero akunyambita zala.

"Kadyeni kwa akazi anu, bambo. Kuno munabwerera makina."

Mlendo wake pamwezi anali yekhayo.

Chaka china kampani inaganiza zosiya kusunga zinthu m'mashedi. Zonse zizikasungidwa m'makompyuta a kampani ina kutali, ofikako kudzera pa intaneti. Subilaga anapatsidwa tabuleti yopepuka ngati mbale. Kompyuta yakale anadzaitenga Ambokile yemweyo, n'kuimangirira kumbuyo kwa njinga.

"Ndiye tabuletiyi ikavuta mudzabwera?"

"Muziimba nambala ili kumbuyoko. Ine ntchito yanga ikutha mwezi uno." Sanakhale pabenchi tsiku limenelo.

M'chilimwe zinayenda. Mvula itayamba, nkhungu ikakuta phiri, netiweki inkasowa. Sikelo inkayeza bwinobwino, koma tabuleti inkangozungulira osalandira kanthu. Alimi ankaima pamzere, masamba akutentha m'matumba mpaka kufiira, ndipo lole ya fakitale sinkadikira munthu.

"Iwe Subilaga, ndathyola kuyambira mbandakucha!" anakalipa tsiku lina mayi Tumpale, mnzake wa kukwaya. "Ukufuna ndikadyetse mbuzi masamba amenewa?"

"Achemwali, si ine. Onani nokha."

"Ndione chiyani? Kale sunkatichita zimenezi."

Subilaga anakwera pachulu kuseri kwa shedi, pomwe foni inkagwirako pang'ono, n'kuimba nambala ija. Anayankha munthu waulemu kwambiri.

"Kuno zonse zikuyenda bwino, amayi. Vuto ndi netiweki ya kwanuko."

"Nanga alimi ndiwauze chiyani?"

"Adikire, ibwera."

Tsiku lililonse ankayankha munthu wina. Palibe anamufunsapo dzina. Ankangofunsa nambala ya shedi.

Anagula kope n'kuyamba kulemba makilo pamanja kuti masamba akwere lole. Akaweruka ankatsika wapansi mpaka kumsewu waukulu, n'kukhala pamwala kulowetsa mzere umodziumodzi mu tabuleti. Patatha masabata atatu a ku ofesi anamuletsa, ati nthawi yolowetsera sikugwirizana ndi nthawi yoyezera. Anamvera.

Alimi anayamba kusenza matumba awo kupita ku shedi ya kumsewu, ulendo wa ola lathunthu, chifukwa kumeneko netiweki sinkasowa. Mayi Tumpale ankadutsa pakhomo pomwe atayang'ana pansi. Kwa Subilaga kunatsala nkhalamba zinayi zomwe mawondo sakanazilola kutsika phiri. Masiku ena sikunkabwera ndi mmodzi yemwe. Ankasesa shedi kawiri, kudya nthochi zake ali choimirira, kenaka n'kukhala pakhomo kumvetsera madontho padenga mpaka nthawi yotseka.

Shediyo inatsekedwa mvula yotsatira isanayambe. Uthenga unabwera pa foni, mizere iwiri. Anakapereka makiyi ndi tabuleti ku Tukuyu, mlonda wa pageti n'kumusainitsa, basi.

Ana anamuitana ku Dar es Salaam, iye anakana, ati kutentha kwa kumeneko sangakuthe. Pano amalima kadimba ka kabichi kuseri kwa nyumba yake, ndipo Loweruka amatsika nayo kumsika.