Gule Wopanda Ng'oma

Mdzukulu wanga wandigulira kamafuta ka Atchaina kopaka m'maondo. Nditangotsekula, fungo lake landibwezera kusikimu ya mpunga, kwathu ku Nkhotakota.

Amayi ankachapa zovala kwa Mtchaina wina wophunzitsa ulimi wa mpunga. Mkazi wake, wamfupi, waimvi, ankanunkhira mafuta omwewa. Mkaziyo ankati kwawo anali mphunzitsi wa nkhonya ndi mateche, luso losiyirana m'banja mwawo. Kuno wophunzira wake anali mmodzi yekha: amayi anga.

M'mawa uliwonse awiriwo ankaima kuseri kwa nyumba, mwendo umodzi m'mwamba ngati kakowa, manja akuyenda pang'onopang'ono. Amayi ankavala buluku lobwereka kunsi kwa chitenje, poti masiku a chipani chimodzi mkazi wovala buluku ankatha kumangidwa.

Tsiku lina anzanga anasuzumira pampanda.

"Amako apenga! Akuvina popanda ng'oma!"

"Si amayi anga amenewo," ndinatero. Amayi anamva, koma mwendo sanatsitse.

Madzulo ndinawadandaulira. "Amayi, mukundichititsa manyazi."

"Idya, mwanawe," anangotero.

Patapita miyezi, bambo anabwera kuchokera kunyanja chimanjamanja, atakwiya monga mwa masiku onse. Anatukula dzanja kuti amenye amayi. Amayi anangopotoloka pang'ono n'kuwagwira pamkono, ndipo bambo anapezeka ali chagada pamchenga. Kuyambira tsikulo sanawamenyenso.

Ine ndinathamanga kukadzutsa bambo n'kuwasasa mchenga.

Mpaka lero zimandiwawa: gule uja ankandichititsa manyazi, koma diso lotupa la amayi ndinali nditalizolowera.