Nyimbo ya Rosalina Inathera Panjira

Lachiwiri tinakaika mnzanga Rosalina kwawo ku Majaua, kuno ku Mozambique. Mulungu amulandire. Ine ndabwerako ndi kamunga mumtima, ndipo ndati ndikuuzeni, abale anga.

Rosalina ndi ine tinadziwana ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, tili atsikana. Kumeneko amayi a pakampupo anapeka nyimbo yopempha Mulungu kuti atibwezere kwathu, mawu ena Chinyanja, ena Chilomwe. Siili m'buku lililonse. Rosalina atadwalika, anandigwira dzanja nati, "Achemwali, tsiku langa mudzandiimbire ija." Ndinavomera.

Mwana wake Armando, amene amagwira ntchito ku Quelimane, anafika ndi galimoto yoyendera magetsi. Yopanda utsi, yopanda phokoso, mpaka nkhuku sizinaithawe. Anatulutsa chingwe, nachilumikiza pagalimotopo, basi pamudzi popanda ngakhale mtengo wa magetsi panayaka zinthu.

Ndisaname, inatithandiza. Filiji yobwereka inatipatsa madzi ozizira padzuwa lija. Mafoni anatchajidwa, abale a ku Muloza namva uthenga n'kufika nthawi yabwino. Ndinathokoza Mulungu, pakuti nzeru zotere amapereka ndi Iye. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumo kakuthwa kamachekanso chala.

Anyamata anaimika masipika awiri pakhomo pa siwa, nyumba imene munagona thupi. Ife amayi tinali titangoyala zitenje kuti tiyambe kuimba, pomwepo kwaya ya m'foni inabangula. Nyimbo zabwino ndithu, za Mulungu. Koma ungapikisane ndi chinthu chosapuma mpweya?

Ndinatuluka kukamupeza.

"Armando mwananga, tazimitsako pang'ono, amayi aimbe."

"Epa, amayi, pumulani! Mwakalamba, musavutike kukhosi. Batire iyi ikhoza kuimba mpaka mawa osatopa."

Ananena mwaulemu, maso ali ofiira ndi kulira. Mwana amafuna kulemekeza mayi ake ndi chimene anali nacho. Ndikanamukalipira bwanji? Ndinabwerera m'nyumba. Mayi Jasinta, mnzathu wina wa ku kampu, anandinong'oneza kuti, "Lero tapuma pantchito, galimoto yalowa Chikatolika." Tinaseka chamumtima, kenaka tinangoyang'ana bokosi.

Kumanda galimoto sinafike, njira yake ndi ya njinga. Atatsitsa bokosi, akatekista anati, "Amayi, nyimbo imodzi." Ndinayang'ana Jasinta, Jasinta anayang'ana ine. Apo mpamene tinazindikira kuti zaka zonsezi woyambitsa nyimbo ija anali Rosalina yemweyo. Ife tinkangovomera.

Ndime yoyamba tinaikoka. Yachiwiri inatithawa pakati. Tinabwereza yoyamba ija mpaka adzukulu anayamba kukwirira.

Mukudziwa inu kuti m'siwa ndi mmene nyimbo zimakumbukidwira? Wina amaponya mzere, wina akuti ayi sizitero, wina wapangodya n'kutulutsa mawu amene aliyense anaiwala. Pofika nthawi yonyamula maliro, nyimbo yalumikizika. Tikanapatsidwa mpata umenewo, ndikhulupirira tikanaipeza yonse. Munali amayi achikulire ambiri mmenemo, aliyense ndi kachidutswa kake.

Si ku Majaua kokha. Kuno ku Milange, paukwati ndi sipika, pachinkhoswe ndi sipika, ngakhale kumapemphero a kumphakati wina amatsegula foni kuti itiyambitsire nyimbo. Kale magetsi akazima tinkati tsoka, koma pakamwa pankatseguka. Midzi yakutali inkatetezedwa ndi kutalika kwake. Tsopano magetsi akubwera okha pamatayala.

Sindikuti galimotozi zibwerere kumene zachokera, ayi. Zibwere ndithu, zisunge mankhwala a odwala m'filiji, ziunikire azamba, ana asite mayunifomu. Ndingasangalale kukweramo ndisanafe. Koma ana anga, mukafika nazo pamaliro, funsani kaye amayi ali m'nyumbamo ngati ali ndi mawu. Kulira sikutumidwa. Munthu amene sanaimbire mnzake amabwerera kunyumba ndi chisoni chake chonse, monga ndabwerera inemu.

Dzulo ndikuchapa, mzere umodzi wa ndime yachiwiri unandibwerera wokha. Ndinasiya zovala m'beseni, ndinathamangira kwa mdzukulu wanga kuti aulembe. Mzere wotsatira sunabwere.

Ndiye ndikufunseni, inu amene mukuwerenga: nyimbo imene mukufuna kuti adzakuimbireni, alipo wamoyo amene akuidziwa mpaka kumapeto?