Matayala Aatali ndi Mawondo a Apongozi

Chaka chimene ndinasintha matayala a pikapu yanga, mvula inachedwa, ndipo kuchedwa kwakeko kunandisowetsa mtendere. Masana mitambo inkaunjikana pamwamba pa mzinda, kenako n'kubalalika osagwetsa ngakhale dontho. Ndikatuluka mu ofesi ku City Centre ndinkayang'ana kumwamba, kenako n'kuwerama kuyang'ana matayala anga. Mtima wanga unali pa msewu umodzi wokha, wopita kwa apongozi anga, amayi a mkazi wanga, kumudzi wina m'boma lomwe lino la Lilongwe, kuseri kwa dambo lalikulu.

Apongoziwo ankadwala mtima, ndipo adokotala analamula kuti azionekera kuchipatala m'tauni mwezi uliwonse osadumphitsa. Kudzakhala nafe ku Area 47 anakana. Ankati m'nyumba ya mpanda munthu amakalamba msanga, ndiponso munda wawo sangausiyire wina. Choncho udindo wokawatenga unali wathu. M'chilimwe sizinkavuta. Koma dzinja la chaka cham'mbuyo tinatitimira padambo paja, ine ndi mkazi wanga, matayala akungozungulira pamalo amodzi n'kumamwaza matope. Zinatikoka ndi ng'ombe za pangolo dzuwa litapendeka, tsiku la chipatala litadutsa. Masabata otsatira miyendo ya apongozi inatupa, anayamba kubanika, mpaka anagonekedwa. Potuluka, adokotala anauza mkazi wanga mosapita m'mbali kuti akadzadumphitsanso, mwina sipadzakhala chochita.

Mawu amenewo ndinkayenda nawo kulikonse. Ndimakhulupirira kuti mpweya wa munthu uli m'dzanja la Mulungu, ndipo ndinkanena zimenezi pa mapemphero a pakati pa sabata amene timachitira m'makomo mwathu mosinthana. Koma ndikatseka maso kuti ndipemphere, ndinkaona dothi lakuda la padambo lija. Ndinkapempha Ambuye kuti akhazike mtima wanga pansi, koma pofika pa ameni ndinkapezeka ndikuganiza za mano a matayala. Ndinkadzifunsa ngati kukonzekera kotereku si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndinkadziyankha kuti amene amagwetsa mvula ndi yemweyo anapatsa munthu nzeru yofolera nyumba. Yankholo linkandigwira mpaka masana, kenako funso lija n'kubweranso.

Ndinayamba kuona matayala paliponse. Popita kuntchito ndinkadzera dala ku Area 10, kumene magalimoto akuluakulu a maofesi a akazembe amatuluka m'mageti aatali, mlonda ataima pambali. Matayala ake anali a mano okhuthala, akuda bii, onyezimira, osalidziwa n'komwe thope. Ndinkawatsatira ndi maso mpaka wam'mbuyo andiimbire hutala. Nthawi ya nkhomaliro, m'malo mokadya, ndinkawoloka mlatho kupita ku Old Town, n'kumazungulira m'mashopu a matayala ndi m'mphepete mwa msewu momwe amagulitsa a kaunjika. Ndinkabwerera ku ofesi ndi njala, zala zili zakuda, chisankho ndisanapange.

Shopu imene ndinkapitako kawirikawiri inali ya bambo wina wamtali, wokonda kuseka. Anandifotokozera kuti matayala alipo amitundu itatu: a patala, a pakati amene amayesa zonse ziwiri, ndi a m'matope enieni, a mano otalikirana kuti thope lizituluka lokha. Anandichenjeza kuti a m'matopewo amalira patala, amamwa mafuta, ndipo tala ikanyowa mabuleki safulumira kugwira. Ndinkamvetsera, n'kusisita tayala limodzi, n'kuchoka. Tsiku lina atandiona ndikulowanso anati, "Bwana, mwabweranso kudzawasisita? Matayala si mbuzi kuti mukamaigwiragwira inenepa."

Makaniko wanga anawonjezera nkhawa ina. Anati matayala aakulu chotero azikhula pa madigadi ndikamakhota, pokhapokha galimoto itakwezedwa ndi zitsulo zoika pa masipuling'i. Ndinaona kuti nazonso n'zabwino, chifukwa padambo paja mimba ya galimoto ndi imene inakhala pansi.

Mkazi wanga ankafuna a pakati aja. Anandifunsa kuti, "Kodi inu abambo, mukufuna kukatenga amayi kapena kukalima?" Ndinangomukumbutsa za ng'ombe zija, ndi mmene tinakhalira pabenchi ya m'chipatala usiku ndi usana. Nayenso dambolo linkamubwerera m'maganizo. Tinapemphera, tinagwirizana zogula a m'matope aja, ndipo Loweruka lotsatira pikapu inachoka kugalaja itatalika ngati si yanga.

Zimene anandiuza zinachitikadi. Patala inkang'ung'udza ngati chigayo chakutali, moti mlonda wa anzathu oyandikana nawo ankati amandimva ndisanakhotere n'komwe mumsewu wa kwathu. Lamulungu popita kutchalitchi mkazi wanga anagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko, anakokera chitenje m'mwamba pang'ono, n'kudzikoka mpaka kukakhala pampando. Akupuma anati zili ngati kukwera m'nkhokwe. Tinaseka tonse awiri njira yonse. Palibe mwa ife amene anaganiza zopitirira pamenepo.

Apa ndiyenera kunena za mmene timakhalira ine ndi apongozi. Kwawo kwa mkazi wanga mwambo wa mkamwini ndi mpongozi sunafe, ndipo iwo amausunga kuposa wina aliyense. Zaka zonse za banja langa sitinagwiranepo chanza, sitinadyerepo pamodzi, sitinayang'anizanepo m'maso. Ndikafika pakhomo pawo ndimanjuta patali n'kuomba m'manja, iwo atakhala chammbali. Polankhula amadzera mwa mkazi wanga, kuti auzeni abambo zakuti zakuti, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva. M'galimoto amakhala kumbuyo kwanga kwenikweni, ndipo ine ndimapotoza galasi loonera m'mbuyo kuti maso athu asakumane. Achinyamata a kumpingo amaseka akamva zimenezi. Ine sindinaonepo udani m'menemo. Tinalamulidwa kulemekeza makolo, ndipo ulemu umene apongozi anga amaumva ndi umenewu.

Mvula itabwera inabwera mwaukali. Tsiku la chipatala la mu Januwale linapeza mwana wathu wamkazi woyamba atangochira kumene mwa opaleshoni, ndipo mkazi wanga anali kumudikirira kuchipatala komweko. Anandiuza kuti ndipite ndekha, popeza amayi ake aang'ono, amene amakhala nyumba yoyandikana ndi apongozi, adzawaperekeza. Ndinanyamuka m'mawa, kumwamba kuli kotuwa.

Ndinafika padambo paja. Mizere ya matayala a ena amene analephera inkaoneka, ndi nthambi zimene anaponyamo. Ndinaika giya yamphamvu, ndinatchula dzina la Ambuye, n'kulowamo. Galimoto inapendekeka, inaterereka chakumbuyo, kenako ndinamva mano aja akuluma pansi. Inakwawa pang'onopang'ono mpaka kutsidya. Ndinaima pamtunda, ndinatsamira mutu pachiwongolero, n'kuthokoza Mulungu. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri mumtima munali bata.

Batalo silinakhalitse. M'mudzi munali zii. Kunagwa zovuta m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo aliyense wotha kuyenda anali atapita, amayi aang'ono aja nawonso. Apongozi anali okha pakhonde, atavala duku lawo la paulendo, kachikwama pambali, ndodo pamiyendo. Ndinanjuta patali. Popeza panalibe munthu wodzeramo, anayang'ana kukhoma n'kufunsa kuti abambo ayenda bwanji, ndipo ine ndinayang'ana pansi n'kuyankha kuti ayenda bwino, kaya amayi adzuka bwanji.

Ndinatsegula chitseko chakumbuyo n'kupatuka. Anabwera ndi ndodo yawo pang'onopang'ono, anagwira chitseko, n'kutukula phazi. Silinafike. Anayesa ndi linalo, bondo linakana. Mpando umene kale ankangotembenuka n'kukhalapo tsopano unali pachifuwa pawo. Anaima kanthawi akupuma movutikira, kenako anafunsa chitsekocho kuti, "Galimotoyi yakula liti?"

Ndinabweretsa kampando ka pakhonde, koma miyendo yake inalowa m'thope n'kupendekeka atangokakhudza ndi ndodo. Njerwa zimene zinali kuseri kwa nyumba zinali zosawotcha, zitamwa madzi, moti zinkaphwanyikira m'manja. Ndinayesa kuyandikitsa galimoto kukhonde, koma msinkhu wake watsopano unkagunda malata a m'mphepete mwa denga. Ndinaganiza zophwetsa matayala, koma ndinalibe pampu, ndipo dambo linkatidikira pobwerera. Ndinaganiza zokaitana amayi aang'ono aja kumaliro, koma mtsinje unali utadzaza, njira yozungulira inali yaitali, ndipo odwala mtima amawaona m'mawa mokha. Kumadzulo kunayamba kugunda.

Apongozi anabwerera pakhonde n'kukhala pansi. Anati, akuyang'ana kukhoma kuja, "Auzeni abambo azipita. Tidzayesa mwezi wamawa."

Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, koma mapazi awo ndinkawadziwa, chifukwa ndi kumene maso anga ankakhala zaka zonsezi. Tsiku limenelo anali atatupa mpaka kusefukira m'mphepete mwa nsapato. Ndinakumbukira mawu a adokotala aja. Kuwanyamula ndikanatha, pakuti anali munthu wochepa thupi. Koma ndinkadziwa kuti angalolere kutsala kusiyana n'kuti mkamwini awagwire m'chiuno, ndipo ndikanawakakamiza, sakanadzakweranso galimoto yanga.

Ndinazungulira pikapuyo ngati munthu wofuna chinthu chimene chagwa. Ndinapemphera maso ali otsegula, pemphero lalifupi lopanda dongosolo. Sindinamve liwu lililonse. Chimene chinabwera m'maganizo ndi Ambuye wathu mwini, atagwada pansi kusambitsa mapazi a ophunzira ake, nsalu ili m'chiuno.

Ndinapita pachitseko chija, ndinagwada bondo limodzi m'thope, linalo n'kuliimika. Nkhope ndinalozetsa ku tayala lakumbuyo, mano ake atadzaza dothi lakuda. Ndinalankhula kwa tayalalo.

"Auzeni amayi kuti pakhomo pa galimotopa pali chitsa. Apondepo."

Panapita nthawi. Ndinkamva nkhuku zikupalasa, ndi madzi ozizira akulowa m'thalauza. Ndinayamba kuopa kuti ndawanyoza. Kenako ndinamva ndodo ikugunda pansi, ikuyandikira. Inaima. Chitenje chopindidwa bwino chinayalidwa pabondo panga, ndipo dzanja limene linachiyala silinandikhudze. Phazi linapondapo, lolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinamva akugwira chogwirira cha pamwamba, ndodo inagwa, ndinatukula chidendene pang'ono kuti bondo likwere nawo, ndipo mpando unalira.

Ndinakhala chigwadire, maso ali pa tayala. Ali m'katimo anapuma, anapumanso, kenako anauza zenera la mbali inayo kuti, "Chitsa chake n'chonjenjemera." Patapita kamphindi anawonjezera kuti, "Koma chalimba."

Ndinatola ndodo ndi kachikwama n'kuzilowetsa chakumbuyo osacheuka. Chitenje chija, popeza chinali ndi thope la nsapato, ndinachiika pansi kutsogolo. Tinawoloka dambo mvula isanayambe, ndipo inatipeza titangokwera patala. Panjira apongozi anauza zenera lija kuti galimotoyi ikulira ngati ikugaya mgaiwa.

Kuchipatala mkazi wanga anatsika kuchokera kwa mwana wathu, ndipo iye ndi namwino wina anawatsitsa mowafungatira. Atawakhazika pampando wa magudumu, anayang'ana kutalika kwa chitseko, kenako mawondo a mayi ake, ndipo ndinaona kuti wakumbukira mawu ake aja a kukwera m'nkhokwe. Anafunsa kuti akwera bwanji ngati amayi aang'ono kunalibe. Apongozi anangoti panali chitsa. Mkazi wanga anayang'ana bondo la thalauza yanga lili thope lokhalokha, n'kuyamba kukankha mpandowo. Masana anadzandiuza kuti adokotala apeza madzi atayamba kale kuunjikana m'thupi mwawo, asintha mankhwala, ndipo ati tachita bwino kusadikira.

Sabata yomweyo ndinabwerera ku Old Town, ulendo uno kwa owotcherera zitsulo, kuti andikonzere chopondera chopinda pansi pa chitseko chakumbuyo. Matayala aja sindinachotse. Amang'ung'udzabe, amamwabe mafuta, ndipo mitambo ikayamba kuunjikana ndimayang'anabe kumwamba ndi pansi monga kale.

Mwezi wotsatira apongozi anakwera pachopondera chija okha, mkazi wanga atangowagwira chigongono. Chitenje chawo tinali titachichapa ndi kuchisita, ndipo mkazi wanga anawapatsa atakhazikika pampando. Anachiyang'ana, n'kuchibweza.

"Auzeni abambo chizikhala m'galimoto momwemu," anatero. "Zitsulo zimathyoka."