Wojambula Sakudziwika

Miyezi yotentha kuno ku Dubai, dzuwa likafika paliwombo, ife onyamula zakudya pa njinga zamoto amatiletsa kuyenda. Amati ndi chifundo. Mwina ndi chifundodi, koma maola amenewo ndi amene munthu umatsala wekha ndi mutu wako, ndipo mutu wa munthu amene ali kutali ndi kwawo si malo abwino ochezerako. Ine ndinkawathera ku Al Rigga, kuseri kwa lesitilanti ina, pamene pali kamthunzi ka chipupa. Pamwamba pathu makina oziziritsa m'nyumba ankatiuzira mpweya wotentha. Eni ake akumva kuzizira mkati, ife panja tikupuma mpweya umene iwo aukana.

Tinkakhala awiri. Mnzangayo anali wa ku Zambia, wokulira ku Lusaka, chimunthu chachikulu choseka ndi mapewa. Matenda ake anali foni. Ena amaonera mpira, ena atsikana ovina, koma iye, atakhala pa njinga kuyambira m'mawa, popuma ankaoneranso njinga. Anapeza tsamba lina pa intaneti limene eni ake amatolera zinthu zokongola za m'mayiko osiyanasiyana n'kumaziika pamenepo tsiku ndi tsiku. Zambiri zinali njinga zamoto zokonzedwa pamanja, koma pankabweranso mipando, nyale, mawotchi, ngakhale nyumba zomangidwa m'mitengo.

"Mudala, ona iyi," ankatero, akundikankhira foni kumphuno. "Ni ya magetsi che, ilibe na sound. Ungapite pa nyumba ya apongozi, sibangakumve."

Ndinkaona. Ina ya ku Japan, thanki yake yosulidwa ndi hamala ngati ndowa. Ina yokutidwa ndi matabwa. Mpando wa miyendo itatu umene ine sindikanakhazikapo mlendo amene ndimamulemekeza. Pansi pa chithunzi chilichonse pankakhala dzina la wopanga ndi mzinda wake, nthawi zina ndi nkhope yake yomwe, atavala epuloni yopanda ngakhale dontho la girisi. Ine ndinkanyoza zonse. Ndinkati mpando wotere ukaupititsa kwa akalipentala a ku Mchesi angakuthamangitse nawo. Koma ndivomere, kunyoza kwanga kunali kwa nsanje, chifukwa ndisanasanduke bulu wosenza mpunga wa anthu, inenso ndinali wojambula.

Ku Lilongwe, ku Mchesi komweko, ndinali ndi benchi pansi pa mtengo wa keshya, pafupi ndi owotcherera zitsulo. Anandiphunzitsa ntchitoyo ndi amalume anga. Tinkalemba zikwangwani za maokala, za masaluni, za mabutchala, ng'ombe yake ikumwetulira ngati siikudziwa kumene ikupita. Njinga zamoto za kabaza zitachuluka, eni ake anayamba kubwera kuti tiwalembere mawu pa madigadi ndi kuwapentera thanki. Apa m'pamene ndinapeza changa changa: mawanga a nkhanga. Pansi penti wakuda, pamwamba timadontho toyera m'mizeremizere totsatira kupindika kwa thanki, tating'ono kukhosi, tokulirapo kumimba. Sindinkagwiritsa ntchito burashi. Ndinkadontheza ndi sipoko ya njinga yakapalasa imene ndinainola kunsonga. Thanki imodzi inkandidyera masiku awiri, ndipo dontho limodzi likathawa mzere ndinkafufuta mbali yonseyo n'kuyambiranso.

Amalume anali ndi lamulo limodzi: dzina osalemba pa njinga. Iwowo anagonapo m'chitolokosi masiku atatu chifukwa njinga ina imene anaipenta, n'kulemba dzina lawo monyadira pa madigadi, inapezeka kuti inali yakuba. Wakubayo anasowa, dzina la amalume silinasowe. "Chikwangwani sichiyenda, mphwanga," ankatero. "Njinga imayenda, ndipo imayenda ndi dzina lako kumene iwe sunafikeko." Ine lamulolo ndinaliwonjezera mchere. Kasitomala aliyense ndinkamuuza, chala chili m'mwamba, kuti wina akadzakufunsa amene wapenta njingayi, udzanene kuti sukumudziwa. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Kenako kunabwera zomata zosindikiza pa kompyuta, zotchipa, zong'anima, mphindi zisanu zatheka. Benchi yanga inayamba kukhalidwa ndi anthu odzangocheza. Wina atandiuza kuti ku Dubai kukufunika odziwa kuyendetsa njinga yamoto, ndinatseka mabotolo a penti n'kunyamuka.

Chinali chaka changa chachinayi kuno pamene masana ena mnzanga uja anasiya kutsetsereza chala pafoni n'kundigunda ndi chigongono.

"Iyi ni ya kwanu iyi. Ona fumbi. Ni Malawi iyi, mudala."

Inali njinga ya kabaza, yoimikidwa m'mbali mwa msewu wafumbi, kumbuyo kwake kukuoneka mulu wa madengu a tomato. Thanki yake inali ya mawanga a nkhanga. Ndinalanda foniyo n'kukulitsa chithunzi. Kumanzere, pafupi ndi chotsekera petulo, panali pobonyoka pamene mwini wake anakana kuti awongole, ndiye ine ndinazungulitsa mizere itatu ya madontho mozungulira pobonyokapo kuti paoneke ngati diso. Ndinakumbukira ngakhale tsiku lake, kunali mphepo ndipo fumbi linkandivutitsa. Mwini njingayo ndinkamudziwa, bambo wamtali wa ku Kawale amene ankanyamulira amayi ogulitsa tomato. Pa chithunzipo pankangooneka mkono wake utagwira chiwongolero.

Pansi pake analemba m'Chingerezi ndime yonse yoyamikira. Ankati wojambulayo ali ndi dzanja lodekha, ankati diso lake limamva maonekedwe a chitsulo, ankati zinthu zambiri zimene amalume sanandiuzepo n'kamodzi komwe. Pamene pa zithunzi zina pamakhala dzina, apa analemba kuti wojambula sakudziwika. M'munsimo anthu anali ataikamo ndemanga zawo, wina akufunsa kumene angagule thanki yotere, wina akufotokoza mwachidaliro tanthauzo la madonthowo pa miyambo ya makolo athu. Ine tanthauzo limenelo ndinalimvera kwa iyeyo. Ndinkangojambula nkhanga chifukwa ndimaidziwa.

Mtima unandiwawa kwambiri, osati pang'ono. Wa mpando wa miyendo itatu ali ndi dzina, ali ndi nkhope, ali ndi epuloni. Ine ndili kuseri kwa lesitilanti, malaya atanyowa mpaka m'chiuno, bokosi la kampani kumsana kwa njinga, ndikudikira kuti foni ilire ndikapereke chakudya kwa munthu amene sadzandiyang'ana kumaso.

"Lemba, mudala! Bauze ni iwe!" anatero mnzangayo. "Yalla, lemba manje manje."

Tinalemba limodzi, iye akukonza Chingerezi changa, ine ndikukonza chake. Patapita masiku atatu anayankha mayi wina amene amayang'anira tsambalo. Anali waulemu, sindingamunamizire. Anati wojambula chithunziyo anamufunsa mwini njinga kangapo, koma iye anakanitsitsa kuti wopentayo sakumudziwa. Anatinso ine ndinali wachitatu kulemba kuti ntchitoyo ndi yanga. Wachitatu! Kutanthauza kuti kwinakwake kuli anthu awiri amene anadzuka m'mawa n'kuganiza zovala nkhanga zanga. Choncho anapempha umboni: chithunzi changa ndikupenta thankiyo, kapena mawu a mwini njinga, kapena kavidiyo kondionetsa ndikujambulanso mawanga omwewo. Umboni ukapezeka, dzina langa aliika. Anawonjezeranso kuti munthu wina amene ali ndi galaja yokongoletsa njinga kuno ku Dubai komwe wakhala akufunsa za wopenta thankiyo, akufuna kugwira naye ntchito.

Mawu omalizawo ndinawawerenga mwina kakhumi. Kuno komwe. Mwina msewu umene ndimadutsa tsiku lililonse ndi bokosi langa.

Chithunzi ndinalibe. Ku Mchesi ndani akanataya nthawi kujambula munthu wopenta thanki? Ndiye ndinapempha mlongo wanga kuti akafufuze nambala ya bambo wa ku Kawale uja pa siteji ya akabaza, ndipo anaipeza.

"Apenta! Muli moyo?" anafuula nditadzitchula. "Anthu amati munapita ku Joni."

Tinapatsana moni, ndinafunsa za ana, iye anafunsa ngati kuno kuli mvula. Kenako ndinamufunsa za mzungu wa kamera amene anajambula njinga yake ija.

"Eee, ameneyo! Anandipeza pamsika. Kuzungulira njinga, kugwada, kujambula, kugwadanso. Basi wayamba, wapenta ndani, wapenta ndani. Ine ndinati sindikumudziwa. Anafunsanso, ndinati anali munthu wongodutsa. Mpaka anandigulira chakumwa, apenta. Chakumwa chake ndinamwa, koma dzina lanu silinatuluke pakamwa panga. Ndinati apenta anatithandiza, sindingawagulitse."

Ankadikira kuti ndimuthokoze. Ndipo ndinamuthokoza. Ndikanatani? Munthu anasunga pangano, pangano lake lopanga ine ndemwe. Ndinamufotokozera bwinobwino kuti mzunguyo sanali wapolisi, kuti nkhani yake ndi yabwino, kuti ndikungofuna ajambulitse kavidiyo kakafupi konena kuti wopenta njinga ija ndine.

Mawu ake anasintha pomwepo. "Aaa, apenta, za makamerazi ayi. Njinga ija mapepala ake mukuwadziwa mmene analili. Komanso ndinaigulitsa, ili ku Mitundu uko. Nkhope yanga ikayende pa intaneti ndi njinga yopanda mapepala? Munatiphunzitsa nokha, achimwene. Munkati munthu asamatchule."

Ndinalimbikira, ndinachonderera, ndinafika pokalipa. Iye anangoti netiweki ikuvuta, n'kudula. Sindimuimba mlandu. Ndayesa kumuimba mlandu, koma zimakana.

Kunatsala njira imodzi, ndipo imeneyo sindinaiope n'komwe. Kujambula mawanga a nkhanga? Ine? Ndinaseka. Mnzanga uja anapeza thanki yakale kwa makaniko wina wa ku Pakistan amene amatikonzera njinga. Ine ndinagula timabotolo tiwiri ta penti ndi tinala yofufutira pentiyo m'kasitolo ka ku Bur Dubai, kufupi ndi kumene timagona anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi. Sipoko ndinachita kupempha kwa wokonza njinga zakapalasa, n'kuinola pa simenti ya masitepe. Penti wakuda ndinapakiratu kuti aume. Tsiku lathu lopuma tinakwera padenga m'mamawa, dzuwa lisanakwiye, pakati pa matanki a madzi ndi zingwe zoyanikapo zovala. Fungo la penti litandilowa m'mphuno ndinamva chimwemwe chimene ndinali nditachiiwala.

"Action!" anatero mnzangayo, foni ili m'mwamba.

Ndinaviika sipoko, ndinaibweretsa pa thanki. Nsonga yake inkavina. Ndinaganiza kuti ndi mantha a kamera, ndiye ndinapuma, ndinapukusa dzanja, n'kuyesanso. Dontho loyamba linatera pambali pa pamene ndinkafuna. Lachiwiri linatuluka ndi mchira. Pofika lachikhumi, mzerewo unkaoneka ngati padutsa nkhuku yotsegula m'mimba.

Ndinafufuta ndi tinala. Ndinagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere. Ndinatsamiritsa chigongono pa bondo mmene amalume ankachitira atakalamba. Palibe chinathandiza. Zaka zinayi dzanja limeneli lakhala likufinya chiwongolero chonjenjemera kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo kunjenjemerako linakutenga kukhala kwake. Zala zitatu zinkachita dzanzi kalekale, koma ndinkati n'kutopa chabe. Ponyamula jumbo ya chakudya ndi pogogoda pachitseko dzanja lotere limakwana, ndiye palibe chinandiuza kuti latha.

Ndinayesa kanayi. Kachinayiko ndinaona kuti mnzanga watsitsa foni, akuyang'ana zovala za anthu pachingwe.

"Tizayesa futi mawa, mudala," anatero motsitsa mawu. "Inshallah izabwera."

Tinayesadi masabata atatu otsatira, tsiku lopuma lililonse. Sinabwere. Ndinamupempha kuti andionetse mavidiyowo, ndipo ndinaona bambo wa chipsera cha chisoti pamphumi akulimbana ndi kawaya, akudontheza penti ngati munthu amene sanagwirepo ntchitoyo chibadwire. Ndikanakhala mayi uja, ndikanati mwa onama atatu aja, uyu ndiye wopanda manyazi kwambiri. Mnzangayo ankati titumize choncho, tifotokoze za dzanja, anthu aja ndi achifundo. Chifundo chawo sindinkachifuna. Ndinkafuna aone madontho anga ali pamzere, ndipo wa galaja uja sankafuna nkhani ya dzanja, ankafuna dzanja.

Mayi uja analembanso kufunsa ngati umboni wapezeka. Uthengawo unandipeza ku Al Rigga, pa kamthunzi kathu kaja, ndipo ulendo uno sindinapemphe aliyense kuti andikonzere Chingerezi. Ndinalemba kuti pepani mayi, ndachiyang'anitsitsa chithunzi chija, ndinalakwitsa, si ntchito yanga.

Anayankha tsiku lomwelo. Anandithokoza kwambiri chifukwa cha chilungamo changa, ndipo anati anthu onena zoona ngati ine ndi osowa masiku ano.