Ndinapita Kunja ndi Dzina la Mng'ono Wanga

Kalata yondiitana kukagwira ntchito ya unamwino kunja inafika patangopita zaka zitatu chivotereni matipate. Inkafuna masatifiketi a sukulu, chiphaso cha unamwino ndi chikalata cha kubadwa, zonse zodindidwa ndi munthu wa malamulo. Anandipatsa masabata asanu ndi limodzi. Ndikachedwa, malowo apita kwa wina.

Chikalata cha kubadwa ndinalibe. Ndani anali nacho kwathu ku Mitundu? Ife tinkabadwa nthawi yowokera fodya kapena yokumba mtedza, basi. Kalaliki wina m'tauni anandiuza kuti si vuto: ndipeze khadi la ubatizo, nditenge mayi wondibereka akalumbire pamaso pa majisitireti, kenako chikalata chituluka.

"Bola maina agwirizane ndi a pa masatifiketi," anatero kalalikiyo, akundiyang'ana nthawi yaitali.

Ndinatuluka ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti munthuyu akudziwa. Mwina ankangoyang'ana. Ine masiku amenewo ngakhale galu akandiyang'anitsitsa ndinkati watumidwa.

Maina sakanagwirizana. Dzina la pa masatifiketi anga si limene anandipatsa amayi. Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba katatu osasankhidwa. Chaka chachitatucho mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono a ku Nathenje, analemba koyamba n'kusankhidwa, koma zotsatira zinamupeza ali ndi pathupi. Amalume, eni mbumba, sanachedwe kugamula. "Malo a ku sekondale satayidwa ngati madeya. Apite wamkuluyu." Ndinapitadi ine, ndi dzina lake, chaka chake chobadwa, ngakhale sutikesi imene anamugulira. Sukuluyo inali kutali, kunalibe wodziwa nkhope zathu. Sitinali oyamba kuchita zimenezi m'dera lathu, koma banja lililonse linkasunga yake m'mimba.

Choncho woyenera kukalumbira sanali amayi anga. Nditawafotokozera, anapitiriza kutongola chimanga osadzutsa mutu. "Pita ukawapemphe eni dzina," anatero.

Ndinakwera matola kupita ku Nathenje. Amayi aang'ono anandilandira bwino mpaka pamene ndinatchula khoti. Anadzuka n'kukatseka chitseko, masana dzuwa likuswa mtengo.

"Boma likufuna chala changa chatani? Si kuti akumbukira nkhani ija?"

"Ayi amayi, n'zongodinda basi. Zinthu zinasintha masiku ano."

"Zinasintha pa wailesi," anayankha. "Kale mwana akapita kunja, a boma ankabwera kudzafunsa makolo. Akadzabwera, adzayamba kwa ine kapena kwa amako?"

Ndinawanyengerera mpaka anavomera, koma ndinkaona kuti akundiyeza ndi maso. Ine ndinkawayezanso. Ndinkati m'mtima, gogo uyu akufuna akandichititse manyazi pagulu. Kenako anandiuza kuti khadi la ubatizo alibe. Lili ndi mwini wake.

Mng'ono wangayo anakwatiwa ndi tenanti pa esiteti ina kuseri kwa Nathenje. Ndinamupeza m'chigafa akusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni. Tinali tisanakambiranepo za dzinalo chichokereni ine ku sekondale. Pamaliro tinkapatsana moni, kufunsana za ana, n'kutha. Tsiku limenelo ndinafotokoza zonse ndikuyang'ana pansi. Iye sanasiye kusoka.

"Khadi lilipo, achemwali," anatero.

"Ndiye undipatse, ndikabweza ndikamaliza."

"Ndibwera nalo ndekha kukhotiko."

"Udzivutitsiranji ndi ulendo, fodya akukudikira?"

"Ndibwera nalo ndekha."

Basi, ndinadziwa kuti zanga zada. Sabata yonseyo kuntchito ndinkamuona m'maganizo ataimirira pamaso pa majisitireti n'kunena kuti dzinalo ndi lake. Sikunali kutaya ulendo kokha. Chiphaso cha unamwino, ntchito imene ndinali nayo, zonse zinkatsamira pa dzina lomwelo. Mlandu suola, ndinkadziuza, ndipo uyu wadikira zaka zonsezi kuti andigwetse ndili pamwamba. Ndinafika poganiza kuti anapangana ndi amayi ake. Ndinamuda, kunena zoona. Ndinamuda munthu amene sanandilakwire kanthu.

Tsiku litakwana ndinawapeza atafika kale pa kabwalo ka milandu, atakhala pakhonde. Mng'ono wanga anavala chitenje chatsopano, khadi atalikulunga m'pepala la shuga. Chitenjecho chinandiopsa kwambiri. Munthu savalira chonchi kudzangopereka pepala.

Tinalowa. Majisitireti anali bambo wotopa, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Mng'ono wanga anaika khadi patebulo yekha n'kukakhala pabenchi kumbuyo. Bamboyo analiyerekeza ndi masatifiketi anga, kenako anatembenukira kwa amayi aang'ono.

"Mayi, uyu ndi mwana wanu?"

"Ndi mwana wanga." Pamenepo sananame, mwana wa mkulu wako ndi wako.

"Munamuberekera kuti?"

Amayi aang'ono anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anayang'ana ine, n'kucheukira kubenchi. Ndinati, yafika nthawi ija anapangana.

"Ku Likuni, bwana," mawu anachokera kumbuyo. "Kuchipatala cha mishoni. Kunali mvula, anapita pa ngolo. Amaiwala, akula."

Majisitireti anasuzumira pamwamba pa magalasi. "Inu ndinu ndani?"

"Ndangowaperekeza," anatero mng'ono wanga.

Amayi aang'ono anabwereza mawuwo, n'kudinda chala. Chidindo chinagwa pa pepala lolumbira, kenako pa fotokope iliyonse ya masatifiketi. Sizinatenge nthawi yoti n'kuphika tiyi.

Panja amayi aang'ono anapita kukafuna madzi osamba chala. Ndinatsala ndi mng'ono wanga pansi pa mtengo wa keshya, ndikudikirabe kuti anene chimene wabwerera, poti mtima wanga unkakana kuti munthu angachite zoterezi popanda chifukwa. Anapempha kuti aone mapepalawo. Ndinazengereza, ndipo anaona kuti ndazengereza. Anapukuta manja pachitenje kaye.

Anawerenga limodzilimodzi, Chingerezi chonsecho, osakakamira paliponse. Ya Fomu 2, ya Fomu 4, ya unamwino. Pa ya Fomu 4 anakhalitsa, chala chili pa masamu.

"Masamu anakuvutanibe eti," anatero, n'kuseka pang'ono. "Ine ndinkawakonda."

Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo kwina kulikonse.

Anabweza mapepala m'envelopu, n'kuikamonso khadi la ubatizo lija. Ndinati ndidzabweza ndikatenga pasipoti.

"Likhale komweko. Likapezeka kwa ine lingakupalamulitseni." Anamanga chitenje bwino. "Kunjako akamakuitanani muziyankha msanga, achemwali, asakukayikireni. Kuno palibe amene amalitchulanso. Ine ndine make uje basi."

Ndinafuna kumuperekeza ku siteji, anakana, akuti fodya sadikira. Ndinanyamuka mwezi wotsatira. Mpaka lero sindidziwa ngati mawu amenewo kunali kundidalitsa kapena kundiweruza, ndipo sindinalimbe mtima kumufunsa. Pa bwalo la ndege ataitana dzina lake, ndinayankha msanga.