Dothi la eni ake

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Amayi a mvano anali atatopa ndi nyimbo, moto wa panja utasanduka phulusa. Ndinatchera khutu kumanda kuti ndimve makasu a adzukulu. Zii.

Womwalirayo anali Tadala, mwana wa mwana wanga, amene ndinamlera ndekha kuno ku Chulu. Kukoleji ankaphunzira za dothi. Ankati m'dothi lodzaza sipuni muli tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo kalikonse kali ndi malemba ake m'kati, amene makina amawerenga n'kudziwa kodyetsa mizu ndi kofoola fodya. Ankayenda m'minda ya anthu, kutapa dothi m'timabotolo, n'kusunga m'bokosi la ayezi. Chaka chimenecho ambiri analandira makuponi a fetereza, koma chimanga chinakana. Basi anthu anati mwanayo amakawa, amasamutsa zokolola zawo ndi mankhwala. Malungo atamtenga m'masiku anayi, anati dothi lambwerera.

Dzuwa litakwera, amayi atasonkha moto, mkulu wa adzukulu anabwera n'kugwada patali.

"Agogo, khasu siligwa pansi dothi lathu lisanabwerere."

Aphunzitsi ake a Tadala, mayi wamng'ono thupi, anali atafika pagalimoto kudzatenga bokosi la ayezi lija. Anandinong'oneza kuti timabotoloto tikatentha, tizilombo tisintha, ntchito ya zaka ziwiri ithera pomwepo. Ndinayang'ana mitambo ikudetsa chakumpoto. Ndinayang'ananso m'nyumba momwe munagona mwana wanga, kutentha konse kuja. Ine nkhalamba ndingakumbe manda ndi zikhadabo?

Ndinati, "Amayi, tsegulani."

Anakhala pamphasa n'kumawerenga maina m'kope la Tadala. Mwini munda aliyense ankabwera kudzatenga kake, ena ndi tsamba kuti asakakhudze. Mayi wina wa matenanti a ku esiteti anakana, akuti iye munda alibe, angabwezeredwe chiyani? Anthu anaseka pang'ono, n'kuchita manyazi. Makasu anayamba kumveka masana.

Tinanyamuka mvula ikuwaza. Anthu anali ambiri ndithu, njinga zitatsamira zigafa za fodya. Anaimba bwino, sindinganame. Amene anamunena aja ndi omwe anasenza bokosi la maliro ake.

Pobwerera ndinatsalira m'mbuyo chifukwa cha maondo angawa. Pamphambano, m'udzu, ndinaona timabotolo tija tili mbwee. Palibe anafika nako kumunda kwake. Ankaopa. Ndinatola timene ndinaona, n'kumanga m'chitenje.

Madzulo galimoto ya aphunzitsi inali itapita, achibale atabalalika. Ndinandandalika timabotolo pawindo la chipinda chake, khumi ndi kamodzi. Mapepala a maina omatidwa pa timabotoloto anali atanyowa, inki itayenderera. Ngakhale akanakhala ouma, ine sindiwerenga. Ndinakhala pamenepo mpaka mdima, kuyesa kuzindikira minda ya anansi anga ndi mtundu wa dothi.