Malo a Kapitawo Pamzere

Bambo anga anali munthu wa mtima wapachala. Nthawi imene anali kapitawo wa omanga nyumba, anyamata ankabisala kuseri kwa njerwa akangomva kutsokomola kwawo. Kunyumba nako kunali chimodzimodzi: mayi akachedwa ndi madzi osamba, oyandikana nafe onse ankadziwa. Ntchito itatha, mayi atatisiya, anayamba kusoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, koma dzina la Kapitawo linawatsatira mpaka pakampando kawo kosokerako.

Pakhonde lomwelo pankakhala mkulu wina wogulitsa mabuku akale oyala pansi. Tsiku lina mvula itamunyowetsera katundu, anawaponyera bambo kabuku kopanda chikuto kuti azikulungira misomali. Iwo m'malo mong'amba anayamba kuwerenga. Kanali kabuku kachikhristu, konena za kudzichepetsa. Basi, kanawagwira ngati nyambo.

Kuyambira pamenepo mabuku anadzaza katoni ya pansi pa bedi, ena a chikhulupiriro, ena a kufatsa. Ankawerenga podikira makasitomala, magalasi atamanga ndi ulusi wosokera nsapato, milomo ikugwedera, uku akudula mizere ndi pensulo ya kalipentala. Akamaliza tsamba ankatseka buku n'kumasinkhasinkha, nsapato ya mwini ili pamwendo. Ndipo anasinthadi, ndisaname. Anasiya kukalipa. Anapita kukapepesa anthu amene ankawatukwana kale, ena mpaka anaganiza kuti akudwala mutu. Ine ndinkati Mulungu wayankha, ngakhale wayankha mayi atapita kale.

Mwa zonse zimene anawerenga, chimodzi ndicho chinakhazikika: munthu asadziike patsogolo. Pokwera basi, pampope, paliponse pamene pali mzere, bambo ankatembenuka n'kunena kuti, "Pitani patsogolo, achimwene." Azilamu anga ankawaseka kuti tsiku lomaliza adzapezeka panja, akukankhira anzawo kumwamba.

Kenako anawapeza ndi matenda a shuga. Posakhalitsa anaponda msomali pantchito, chala chachikulu cha kumanzere chinatupa, bala osapola. Kuchipatala odwala shuga amawaona tsiku limodzi pa sabata, m'mawa mokha, ndipo chitseko chikatsekedwa otsala amabwerera. Bambo ankalawirira, madzulo n'kubwera akutsimphina. "Ati tibwere sabata yamawa," ankatero. Ine ndinkangotukwana achipatala, osadziwa kanthu.

M'chipinda mwawo munayamba kumveka kafungo. Ankagona ndi sokosi, ndikapempha kuti ndione phazi ankandibweza. Nsapato ikathina ankaisoka okha, kuwonjezera kachikopa m'mbali kuti phazi likwane. Ntchito yake inali yaukhondo moti sukanadziwa kuti mkatimo muli zoopsa.

Sabata ina mtima unandikana, ndinawatsatira chapatali. Ndinawapeza pabenchi pafupi penipeni ndi khomo la dokotala. Namwino, kamtsikana kowonda, anasuzumira n'kuitana kuti, "Wotsatira!" Bambo anatembenukira mayi wa kumbuyo kwawo. "Lowani inu, mayi." Mayiyo anawomba m'manja: "Mulungu akudalitseni, agogo." Namwino ataitananso, analowetsa wina. Kenako winanso, ngakhale mnyamata wonenepa amene ankangoseweretsa foni. Iwo akusunthira kumbuyo, akumwetulira.

Ndinathamangira pabenchipo. "Ababa! Ndiye sabata yamawa imeneyi? Mabuku anuwo adzakupatsani phazi lina?"

"Iwe, usakweze mawu, pali anthu," anandinong'oneza.

"Anthu omwewa ndiwo akudya mwendo wanu!"

Ndinawakoka dzanja ngati mwana wokana sukulu, n'kukankha chitseko osagogoda. Namwino atavula sokosi ija anabwerera m'mbuyo, dzanja pamphuno. Phazi linali lakuda bii mpaka m'kakolo. Dokotala sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Munali kuti masiku onsewa, bambo?" Iwo anaweramitsa mutu. Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo.

Ali m'wodi anandituma kabuku kopanda chikuto kaja. Ndinakabweretsa ndikunyinyirika, ndinkafuna kukaponya pamoto. Anakawerenga masiku angapo osalankhula ndi munthu. Tsiku lina ndikuwapukuta kumaso anandigwira mkono.

"Mwanangu, buku silinalakwe. Pali masamba amene sindinkadula mzere, onena za kulola kuthandizidwa. Ndinkawadumpha dala. Kuja sikunali kudzichepetsa. Ndinkaopa kuvula sokosi pamaso pa kamtsikana kaja. Ine Kapitawo, kununkha chonchija! Ndipo anthu akamati Mulungu akudalitseni, zinkanditsekemera. Kudzikuza kwanga sikunachoke ayi, kunangosintha malaya."

Ndinali ndi mkwiyo, ndipo mpaka lero ulipo, chifukwa nzeru imeneyi yabwera mwendo uli kale m'dzenje.

Pano amakhala kwanga, m'kachipinda koyang'ana kumsewu. Shuga wayamba kudyanso maso, ndiye masana ndimawawerengera ineyo, nthawi zina mokalipa. Akamva pamene pawakhudza amati, "Bwereza pamenepo." Pakhonde paja pakhala wina wokonza maambulera. Nsapato ya kumanzere, yowonjezera kachikopa ija, ikadali pansi pa bedi pambali pa katoni ya mabuku.

Dzulo m'mawa ndikusesa pabalaza ndinamva akuitana motsitsa mawu. Ndinalowa. Anali atayang'ana kukhoma, bulangete atakokera mpaka m'khosi. Chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akupempha kanthu kwa munthu.

"Mwanangu," anatero, "ndadziwonongera. Tandithandiza."

Ndinapita kukatenthetsa madzi. Pobwera ndi beseni ndinapeza atavundukula okha bulangete lija, misozi ikutsikira m'makutu, akundidikira.